Getsi Lodziyatsa M'chipinda cha a Magdalena

Getsi la m'chipinda cha malemu a Magdalena linayamba kudziyatsa lokha Lolemba, sabata ija chiperoni chinagona pa phiri la Chiradzulu masiku asanu ndi limodzi osadzuka. Woyamba kuliona sanali mwini nyumba. Anali a Nabanda, oyandikana nawo, amene chikhodzodzo chimawadzutsa katatu usiku uliwonse, ndipo n'chifukwa chake palibe chimene chimachitika m'mudzi uno wa kufupi ndi Namitambo iwo osachidziwa.

Anapirira masiku awiri. Lachitatu m'mawa anabwera atadzikulunga zitenje ziwiri, n'kupeza Dainess, mwana wamkazi wa malemu, akusesa masamba onyowa pabwalo.

"Mwana wanga, kodi wayamba kugona kuchipinda kwa amayi ako?"

"Ayi, amayi. Chija n'chokhoma. Kiyi ndi uyu." Anawaonetsa mfundo ya pa chitenje chake.

"Ndiye amene akuyatsa getsi usiku wonse ndani?"

Apa ndiyambe ndakuuzani za timabokosi ta Gladson, apo ayi musokonezeka ngati mmene unasokonezekera mudzi wonse. Gladson ndi mlongo wake wa Dainess, wom'pondana naye, bambo wa ana awiri amene amagwira ntchito ya masola ku Limbe. Juni atangoyamba anatsika minibasi ndi katoni paphewa. Anakhoma sola padenga, batire anaiika pansi pa tebulo, kenaka anatulutsa timabokosi titatu toyera, kukula kwake ngati sopo wochapira. Kamodzi anakakhoma pabalaza, kena m'chipinda cha malemu kuti alendo adzapeze kuwala tsiku lodalitsa chiliza, kachitatu m'khitchini ya panja, kuseri kwa nyumba. Masiwichi sanaike ngakhale imodzi.

"Inu achemwali ndimakudziwani," anatero ali pamwamba pa mpando. "Mumayatsa getsi n'kupita kudimba. Batire iyi ndi yaing'ono, ndipo mwezi uno dzuwa limangobwera kudzapereka moni. Ndiye nyumba izidziyatsira yokha."

"Nyumba ili ndi maso?"

"Maso ayi. Timabokosi iti timatumizirana mafunde, omwe aja a wayifayi. Saoneka, koma amadzaza nyumba ngati madzi m'beseni. Munthu akalowa m'chipinda, madzi aja amagwedezeka, getsi n'kuyaka. Akatuluka, madzi amadekha, getsi n'kuzima."

"Nanga ndikangokhala phee, ndikusankha nyemba?"

"Mukupumatu. Chifuwa chikamakwera ndi kutsika, kabokosi kamamva."

"Nanga khoswe?"

"Khoswe chifuwa chake n'chochepa. Ngakhale Mundisiye sangaliyatse."

Mundisiye ndi galu wa pakhomopo, wofiira, wa khutu limodzi logona. M'chipinda cha Dainess, mmene mafunde a kabokosi ka pabalaza ankafikamo, Gladson anakonza kuti munthu akagona tulo getsi lizizima. Cha malemu anangochisiya choncho, poti mumagona ndani?

Zonsezi bambo awo, a Vitalis, sanazione. Anali atachoka mu Meyi. Iwo anali mkamwini pamudzipo zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo njerwa za nyumba imeneyi anaumba okha chaka chija tinadya chimanga chachikasu. Akazi awo atamwalira pa Lenti, anthu anadikira kuti akolole, kenaka ankhoswe a mbali ziwiri anakhala pansi pa mtengo wa mango kuti awasudzule, ndiko kuti kuwamasula azibwerera kwawo. A Bwanali, mlongo wa malemu, mwini mbumba, anatsokomola n'kufunsa monga amafunsira:

"Ana inu, bambo anu tikuwamasula. Muli ndi mawu?"

Dainess anayang'ana Gladson poganiza kuti mwamuna ndiye ayambe. Gladson anayang'ana Dainess poganiza kuti wamkulu ndiye ayambe. Onse awiri anathera kuyang'ana nyerere. A Vitalis anadikira, chipewa chili pabondo, nthawi yokwana kupemphera Tikuoneni Maria kamodzi osathamanga. Kenaka anadzuka, anamanga bulangete pa njinga, ulendo wa kwawo cha ku Ndunde, kumene anachoka tsitsi lili lakuda.

Kuyambira tsiku limenelo nyumba inakhala chete moti Dainess tulo ankatiyamba mochedwa. Mwamuna wake ali ku Joni, ndipo iye anakula ndi phokoso. Nyumba ilibe siling'i, choncho kupuma kwa bambo ake ankakumva kudzera pamwamba pa khoma. A Vitalis akagona ankapuma bwinobwino, kenaka n'kungosiya, zii, ngati aiwala. Ndiye kunkamveka gu, chigongono cha a Magdalena m'nthiti, ndi mawu a tulo: "Pumani, inu." Iwo n'kukoka mpweya ngati ng'ombe yotuluka m'dibi. Tsopano kunalibe gu, kunalibe ng'ombe. Panatsala mawu amene sananene pansi pa mango aja, atam'khala pakhosi ngati munga wa nsomba.

Usiku wa Lachitatu lomwelo Dainess anaganiza zoona yekha. Anakhala pabalaza atafunda bulangete, getsi la pamenepo likumuunikira mokhulupirika poti linkamumva akupuma. Panja kamvula ka chiperoni kankanyenyeka pa malata, kosaleka, kosakula, ngati munthu akuthira mchenga pang'onopang'ono. Kumsewu kunamveka njinga yamoto yomaliza, kenaka chule mmodzi wa kudambo, kenaka naye analeka. Chitseko cha chipinda cha malemu chinali pamaso pake, chakuda, chokhoma. Cha m'ma leveni koloko, popanda phazi kugunda, popanda chitseko kulira, kunsi kwa chitsekocho kunatuluka kamzere koyera ka kuwala.

Anakhala kaye akukayang'ana. Kenaka anamasula kiyi, anatsegula. Munalibe munthu. Bedi linali pomwepo, matiresi atapindidwa pakati. Sutikesi ya buluu inali pamwamba pa mtanga, korona itapachikika pa msomali, kafungo ka mafuta odzola a amayi ake kakadalimo. Anasuzumira kunsi kwa bedi, anapeza nsapato imodzi ndi kangaude. Anatuluka, anakhoma, anabwerera pampando wake kuti madzi a Gladson aja adekhe. Getsi silinazime. Linayaka mpaka tambala woyamba, n'kuzima lokha ngati munthu wauzira nyali. Kutacha anatsegula wailesi kuti amve korona ya m'mawa, wailesi inangoti tsee. Batire inali itatha.

Anaimbira Gladson usiku wotsatira, kamzere katangoonekanso.

"Zida zako zapenga. Bwera udzachotse."

"Dikirani ndione pa foni yanga." Kunamveka mwana akulira ku Limbe, kenaka Gladson anatsitsa mawu. "Achemwali, m'chipinda cha amayi muli munthu."

"Mulibe. Ndatulukamo pompano."

"Kabokosi kakuti muli munthu mmodzi. Wamkulu. Wagona, ndipo akupuma."

"Usandiseke, Gladson, ndili ndekha kuno."

"Sindikuseka. Tsegulani kachizindikiro kobiriwira kamene ndinakuikirani pa foni kaja."

Anatsegula. Pagalasi panabwera mzere woyenda ngati njoka ya m'madzi, kukwera, kutsika, kukwera, kutsika, mosafulumira. Dainess anagwira mpweya wake kuti aone ngati ndi iye. Mzere unapitiriza.

Masana nawonso anayamba kubweretsa zawo. Chitseko cha khola la mbuzi, chimene chinagwa pa Pasaka, chinapezeka chitaimikidwa, chitamangidwa ndi waya watsopano wopota bwino. Khasu limene Dainess analisiya lobuntha pakhonde linapezeka lakuthwa moti linadula chinangwa ngati nthochi. Ndipo Mundisiye, amene amauwa ngakhale tsamba likagwa, usiku wonse sankatsegula pakamwa, komanso pakhomo la kumaso pamene amagona sankapezekapo.

Pamjigo nkhani inaphika yokha. Ena ankati a Magdalena akubwera kudzaona ngati Dainess akusesa kunsi kwa bedi. Ena ankati akufuna chitenje chawo chatsopano cha Amayi Achikatolika, poti anawaika ndi chakale. A Nabanda ankati ngati mzukwa wake ndi wolimbikira chonchi, awuuze kuti nawonso nkhokwe yawo yapendama. Anthu ankaseka, koma dzuwa likapendeka ankadutsa pakhomopo mwamsanga, maso ali kutsogolo. Wakabaza wina wa pa Namitambo analumbira kuti usiku anadutsana ndi njinga yopanda nyali, ikubwera cha kuno mwakachetechete, ndipo wopalasa wake analibe mutu, anangokhala chimulu chakuda kuyambira pampando mpaka pamwamba.

Lachisanu masana anabwera a Bwanali, atavala jekete lawo la khofi la mabatani osiyana. Anazungulira khola, anagwira waya uja, ananola chala pa khasu, kenaka anakhala pansi.

"Dainess, mlongo wanga ndinakula naye. Moyo wake wonse sanagwirepo pulayazi. Akufa saphunzira ntchito kumanda."

"Ndiye mukuti bwanji, amalume?"

"Mapotedwe awa ndikuwadziwa. Alamu anga aja anachoka ndi mtima wowawa, ndiye anatisiyira ndondocha." Anatsitsa mawu potchula chinthu chija chimene amati amatsenga amachisunga kuti chiziwagwirira ntchito usiku. "Chagona m'chipinda cha mlongo wanga, chikutha magetsi."

"Ababa ndi munthu wa kwaya, amalume. Zaka zonsezi."

"Nayenso Yudasi ankadya mbale imodzi ndi Ambuye. Tamvera. Getsi limeneli likayakanso mawa usiku, ine ndikuona ndi maso anga, Lamulungu tikaweruka ku Misa ndituma uthenga ku Ndunde. Abwere masana adzachotse chinthu chawo, ndipo akatero asadzapondenso pano. Ngakhale tsiku lodalitsa chiliza."

Anapita akugwedeza mutu. Dainess anatsala ataima ndi khasu lakuthwa lija m'manja. Iye anawalola bambo ake kupita chifukwa cha kusowa mawu. Tsopano akanawataya kotheratu, ndi dzina la ufiti pamwamba pake, chifukwa cha kabokosi konga sopo.

Ndiye anaganiza nzeru, ndipo nzeru yake inali ya mwana wa a Vitalis. Dzuwa lisanalowe anakwera pa sutikesi, anazula babu, analiika m'thumba la juzi. Getsi lopanda babu liyake tione.

Usiku unabwera wakuda kuposa masiku onse. Chifunga chinatsika mpaka pakhonde, kamvula kakusefa pa malata. Dainess anakhala pabalaza, foni ili pamwendo. Leveni koloko inakwana. Kunsi kwa chitseko kunali bii, ndipo iye anayamba kumwetulira. Koma atayang'ana pa foni anapeza mzere wayamba kuyenda. Sunali wodekha ngati dzulo. Unkakwera mofulumira, mosokonekera, ngati chifuwa cha munthu amene wafika pakhomo n'kupeza pali potseka.

Kenaka zinamveka. Go. Go. Go.

Sikunali kugogoda kwa pachitseko. Kunali kwapansipansi, kofatsa, kochokera m'kati mwa chipinda, cha kumutu kwa bedi, ngati m'njerwa momwemo. Kunaleka. Kamvula kanapitiriza. Go. Go. Go. Kugogoda kwake kunali kwa ulemu, kwa munthu wofunsa, ndipo chimenecho n'chimene chinam'tulutsa thukuta m'nyengo yozizira.

Mmene analowera m'chipindamo iye sakumbuka. Amakumbuka sutikesi ikugwedezeka kunsi kwa mapazi ake, ndi Atate Athu amene anamuyamba katatu osam'maliza. Babu litangokhudza malo ake linayaka m'manja mwake momwemo. Anadumpha, anatuluka, anakhoma kawiri. Kugogoda sikunabwerenso. Pa foni mzere unayamba kutsika mtima pang'onopang'ono, mpaka unagona.

Loweruka madzulo a Bwanali anafika ndi botolo la madzi odalitsidwa m'thumba la jekete, ndi chibonga m'dzanja, kuti china chikakanika china chigwire. A Nabanda anabwera osaitanidwa, atanyamula mbatata yootcha. Anakhala atatu pabalaza, foni ili pakati pa tebulo, maso ali kunsi kwa chitseko. Ankayankhula monong'ona ngati ali pa maliro a munthu amene sanamalizike.

"Chikatuluka, inu a Bwanali muyambe ndinu," anatero a Nabanda.

"Chifukwa?"

"Ndinu mwini mbumba. Ine ndangobwera ndi mbatata."

"Ndiye muzitafuna pang'onopang'ono, tikumvera zinthu."

Nthawi inakwawa. Kunja kunalibe chule, kunalibe galu, kamvula kokha. Dainess ankapemphera chamumtima kuti lero lokha chinthucho chidwale kapena chisochere. Koma leveni itangodutsa pang'ono, kamzere koyera kanatuluka kunsi kwa chitseko. A Nabanda anasiya mbatata ili pakamwa. A Bwanali anatsegula chitseko ndi phazi, anawaza madzi m'ngodya zonse zinayi, pa matiresi, pa sutikesi, ngakhale pa kangaude uja, n'kubwerera chafutambuyo. Getsi linangowayang'ana.

"Ndaona," ananong'ona. "Mawa uthenga ukupita."

Dainess anatembenukira kutebulo. Anaweramira pa foni kuti asaonetse misozi. Mzere unali utadekha tsopano, ukukwera, ukutsika, chinthu chija chitagona tulo take. Anauyang'ana nthawi yaitali kuposa masiku ena onse, poti masiku enawo ankangouona n'kuvundikira foni ndi mantha. Unakwera. Unatsika. Kenaka unangowongoka, tasa, ngati ulusi.

"Chafa," ananong'ona a Nabanda. "Madzi agwira ntchito."

Palibe anapuma pabalazapo. Ulusi uja unapitirira, unapitirira. Kenaka panaoneka kanthu kakang'ono, kakuthwa, ngati munga, ndipo pambuyo pake mzere unadumpha n'kukwera phiri. Nthawi yomweyo, kutali kuseri kwa phokoso la malata, kunamveka chinthu chikukoka mpweya wautali, wolemera, ngati ng'ombe yotuluka m'dibi.

A Bwanali anagwira chibonga. Dainess anaimirira.

"Ukupita kuti?"

"Panja, amalume."

"Chili m'kati, iwe."

"Dikirani pomwepa."

Anayatsa tochi ya pa foni, anatuluka m'kamvula, anazungulira nyumba kumene masiku onsewa sanaganize zopondako usiku. Kuseri, pakati pa nyumba ndi khitchini, panali mitolo ya udzu imene anagula kuti afolerere khitchini, ataitsamiritsa kukhoma pansi pa malata. Pamapeto pa mitoloyo panagona Mundisiye, ndipo ataona tochi anangomenya mchira pansi kawiri ngati munthu wogwidwa. Kuseri kwa khitchini kunatsamira njinga yakuda yopanda nyali, thumba la feteleza lonyowa litapachikidwa pa chiwongolero, lija munthu amafunda kumutu mvula ikamagwa. Dainess anasuntha mtolo umodzi.

A Vitalis anali atagona cham'mbali, atadzikulunga bulangete, nthiti zawo zitakanirira khoma, malo enieni amene kumbali inayo kuli mutu wa bedi. Chipewa anachiika pansi pa tsaya.

"Ababa."

Anatsegula diso limodzi, kenaka linalo. Anakhala tsonga mwamsanga, akukonza kolala.

"Sindinalowe m'nyumba, mwana wanga. Ukawauze amalume ako. Mwambo sindinauphwanye. Pano ndi panja."

"Mwakhala mukubwera kuchokera ku Ndunde? Usiku? Pa njinga?"

"Kutsetsereka n'kwambiri. Pobwerera ndiye pamavuta." Anayang'ana pansi. "Kumene kuja amandisunga bwino, usadandaule. Koma ana a kumeneko amanditcha agogo a ku Namitambo. Tulo sitibwera. Ndiye Lolemba ndinati ndingokaona nyumba, ndibwerere. Ndafika, ndakhala apa, basi amayi ako andiyatsira nyali."

Dainess anagwada m'matope.

"Paja ankatero," anapitiriza, mawu ali pansi. "Ndikachedwa ku kwaya, koloboyi ankamusiya pawindo. Tsopano ndikangofika, kuwala kumatulukira pawindo la m'mbali ilo. Ndiye munthu akakuyatsira nyali, ungaleke kubwera? Dzulo anachedwa, ndinkati akwiya. Ndinagogoda pang'ono, anayatsa."

Kumbuyo kunamveka mapazi. A Bwanali anatulukira pangodya, chibonga chili m'mwamba, a Nabanda atagwira jekete lawo kumbuyo. Tochi inaunika nkhope ya a Vitalis, udzu uli m'tsitsi. Kenaka a Bwanali anatsitsa chibonga, anatulutsa botolo, n'kuwaza madzi otsalawo pamutu pa alamu awo.

"Ndanyowa kale, alamu," anatero a Vitalis.

"Ndikungotsimikiza. Ndondocha yake ndi imeneyi? Yokalamba chonchi?"

"Sindinalowe m'nyumba."

"Ndaona. Mwagona ngati nkhuku yosowa chikwere. Mukanatifera pano tikanauza chiyani anthu a ku Ndunde?"

Apa Dainess anamva munga uja ukusuntha pakhosi. Anaimirira, anapukuta matope pa maondo, anayang'ana amalume ake m'maso, chinthu chimene sanachitepo.

"Amalume, tsiku lija munafunsa ngati tili ndi mawu. Ndili nawo. Ababa sakubwerera ku Ndunde. Njerwa za nyumba iyi anaumba okha, ndipo ife ana awo tikuwafuna pano."

A Nabanda anagwira pakamwa. A Bwanali anam'yang'ana Dainess nthawi yaitali, madzi akudontha pa chipewa chawo.

"Ndiye unkadikira chiyani?"

"Ndinkayesa inu mukufuna azipita."

"Ine? Ine ndinafunsa. Ndinatsokomola kawiri. Mwini mbumba sapempha mkamwini kuti atsale, amapempha ndi ana. Ndinakuyang'ana iwe mpaka maso kuwawa, iwe uli kalikiliki ndi nyerere." Anatembenukira kwa a Vitalis. "Nanunso, kudzuka msanga ngati mwakhalira moto. Miyezi iwiri ndilibe wosewera naye bawo. Ndimasewera ndi katekisiti, munthu woti akamagonja amayamba nyimbo."

"Ndi ine munkagonja ndinu, alamu."

"Imeneyo ndi nkhani ina. Dzukani. Uthenga wa ku Ndunde upita mawa ndithu, koma wonena kuti atumize zovala zanu."

"Nanga lero?" anafunsa a Vitalis. "Ankhoswe sanakhale pansi."

"Ankhoswe ndi ine, ndipo ndazizidwa. Lowani."

Analowa onse, ndi Mundisiye yemwe, ndipo palibe anam'thamangitsa. Dainess anaphika tiyi, a Nabanda anagawa mbatata yotsala akuseka mpaka kutsokomola, akuti mawa pamjigo sadzatunga n'komwe madzi. Kenaka anaimbira Gladson, foni anaiika pa tebulo kuti onse amve. Gladson atamva anadzimenya pamphumi moti zinamveka kuchokera ku Limbe.

"Kabokosi ka m'khitchini. Mafunde ake popita ku ka m'chipinda amadutsa pomwe pali udzupo, n'kuboola khoma. Njerwa imodzi siwaletsa. Ndiye ababa akagona apo, kabokosi kamayesa ali m'kati."

A Vitalis anamvetsera, chipewa chili pabondo, kapu ili m'manja. Dainess ankawayang'ana, akulakalaka akanadula foni ija msanga.

"Ndiye nyali ija ndi yako, mwana wanga?"

"Ee, ababa. Pepani."

"Imayakira aliyense?"

"Aliyense wopuma."

A Vitalis anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anamwa tiyi, anaika kapu pansi. Pankhope pawo panalibe chisoni chimene Dainess ankaopa.

"Chabwino. Nyali ndi ya Gladson. Nanga chigongono chija n'cha ndani?"

"Chigongono chiti, ababa?"

A Vitalis anasisita nthiti zawo za kumanzere, mbali imene inkatsamira khoma. "Paja ine ndimaiwala kupuma. Ku Ndunde ndinkadzidzimuka ndekha, mutu ukuwawa. Koma pano, chiyambire Lolemba, ndikangoiwala, gu. Malo ake omwe aja."

A Nabanda anasiya kutafuna. Pa foni Gladson anakonza kukhosi.

"Pali kaminga kamene kamaoneka mzere usanadumphe. Ndakhala ndikukaona. Ndimati mwina ndi netiweki."

A Bwanali anasuzumira m'botolo lawo, anapeza mulibe kanthu, analibweza m'thumba, n'kunena kuti kwada, aperekeze a Nabanda. A Nabanda anati awaperekeze mpaka m'nyumba, osati pakhomo pokha.

"Ababa," anatero Gladson asanadule, "ndikonze kuti mukagona getsi lizizima, kapena muzigona likuyaka?"

"Lizizima. Batire ingathe, mlongo wako asowe korona m'mawa. Ife tinazolowera mdima."

Dainess anatambasula matiresi, anayala bulangete louma, anawasiya. Atagona pa bedi lake anaona kuwala kwa pamwamba pa khoma kukuzima. Kamvula kanali kataleka, ndipo m'nyumba monse munkamveka kupuma kwa bambo ake, kukwera, kutsika, kukwera, kutsika. Kenaka kunasiya.

Anadikira, maso ali kudenga. Anawerenga chamumtima mpaka khumi. Anayamba kutukula bulangete kuti adzuke.

Gu.

Ng'ombe inatuluka m'dibi. Dainess anabweza phazi lake pa bedi, anakoka bulangete mpaka m'makutu, n'kugona tulo tofa nato mpaka belu loyamba la Misa.